Albrecht Dürer ndi mzinda umene unamuphunzitsa kudinda zithunzi

M'chaka cha 1506, wojambula zithunzi wina wa ku Germany amene anali ku Venice, m'dziko la Italy, analembera kalata mnzake wa kwawo ku Nuremberg. Mwa zina, anamupempha kuti akauze mayi ake kuti asaphonye msika waukulu umene unkachitika mumzindawo chaka ndi chaka Isitala ikangodutsa. Mkazi wake anali atapita kale ndi katundu wina ku msika wa ku Frankfurt. Katunduyo sanali nsalu, vinyo kapena tsabola, zimene zinkalemeretsa amalonda a masiku amenewo. Anali mapepala okhala ndi zithunzi zodindidwa ndi inki yakuda.

Mwini kalatayo anali Albrecht Dürer, amene mpaka lero amawerengedwa m'gulu la akatswiri oposa onse pa luso lodinda zithunzi. Ambiri amene sanamvepo dzina lake anaonapo ntchito ya dzanja lake, pakuti chithunzi cha manja awiri opemphera, chimene chimapachikidwa m'nyumba ndi m'matchalitchi m'mayiko ambiri, anachijambula ndi iyeyo mu 1508. Luso linali lake lobadwa nalo. Koma mkuwa umene ankazokotapo, mapepala, makina odindira, aphunzitsi, misika ndi ufulu wochita malonda, zonsezi anazipeza mumzinda umodzi. Mbiri ya Dürer ndi mbiri ya zimene mzinda wa Nuremberg unamupatsa, komanso ya ulemu umene iye ankaona kuti mzindawo unamumana.

Mwana wa mlendo

Dürer anabadwa pa 21 Meyi 1471. Bambo ake, amenenso dzina lawo linali Albrecht, sanali mbadwa ya mumzindawu. Kwawo kunali kufupi ndi tauni ya Gyula ku Hungary, ndipo anafika ku Nuremberg mu 1455 ali mmisiri wosula golide ndi siliva. Analowa ntchito kwa mmisiri wina, Hieronymus Holper, n'kugwira kumeneko zaka 12, mpaka mu 1467 pamene anakwatira mwana wa abwana awowo, dzina lake Barbara. Banjali linabereka ana 18, koma ambiri anamwalira ali aang'ono, ndipo amene anakhalitsa anali atatu okha: Albrecht, Endres ndi Hans.

Mnyamatayo ataphunzira kuwerenga ndi kulemba, bambo ake anamutenga kuti aziwathandiza m'nyumba yosulira. Kumeneko anazolowera kugwira kachitsulo kosongoka kozokotera maluwa ndi zilembo pa zikho ndi mbale zasiliva. Ntchito imeneyi siifuna dzanja lonjenjemera, chifukwa mzere ukalakwika pa siliva sufufutika wamba. Ali ndi zaka 13 anadzijambula yekha akudziyang'ana pagalasi, ndipo chithunzicho chikusungidwabe ku Vienna. Posakhalitsa anaulula kwa bambo ake kuti mtima wake uli pa kujambula, osati pa kusula. Bambowo anadandaula ndi nthawi imene inapita pomuphunzitsa ntchito yawo, komabe analola. Nthawiyo sinapite pachabe, chifukwa kachitsulo komweko ndi kamene kanadzamutchukitsa.

Mzinda wa zitsulo ndi mapepala

Nuremberg unali mzinda wodzilamulira wokha. Kunalibe kalonga kapena bishopu wouweruza. Unkangomvera mfumu yaikulu ya ufumu wotchedwa Ufumu Woyera wa Roma, ndipo zochitika za tsiku ndi tsiku zinali m'manja mwa khonsolo ya mabanja olemera a amalonda. Kuyambira mu 1424, chisoti chachifumu ndi zinthu zina zopatulika za ufumuwo zinkasungidwa mumzindawu. Kamodzi pa chaka ankazionetsa kwa anthu, ndipo khamu limene linkabwera kudzaona ndi limene linkadzaza msika uja mayi ake a Dürer ankagulitsapo zithunzi.

Nthaka yozungulira mzindawu ndi yamchenga, yosabereka kwenikweni, choncho anthu ake ankadalira malonda ndi luso la manja. Misewu yochokera ku Venice, Antwerp, Frankfurt, Leipzig ndi Prague inkakumana pamenepa. Amalonda ankabweretsa mkuwa, siliva ndi chitsulo kuchokera ku migodi yakutali, amisiri n'kupanga waya, singano, mipeni, maloko, mfuti, zovala zachitsulo za asilikali ndi zipangizo zoyezera. M'chaka chimene Dürer anabadwa, katswiri wa masamu ndi nyenyezi, Regiomontanus, anasamukira ku Nuremberg chifukwa cha zipangizo zomwezo komanso chifukwa chakuti makalata ankafikako mosavuta kuchokera ku mbali zonse za ku Ulaya.

Mapepala nawo sankasowa. Mu 1390, wamalonda wina, Ulman Stromer, anatsegula fakitale yoyamba yopanga mapepala mu Germany m'mbali mwa mtsinje wa Pegnitz, kunja kwa linga la mzindawu. Ntchito yosindikiza mabuku, imene Johannes Gutenberg anayambitsa ku Mainz, inafika ku Nuremberg Dürer atatsala pang'ono kubadwa. Munthu amene anamuimira pa ubatizo, Anton Koberger, anadzakhala wosindikiza mabuku wamkulu kuposa onse mu Germany. Wolemba mbiri wina wa mumzindawo ananena kuti Koberger anali ndi makina 24 ndi antchito oposa 100, ndipo nthumwi zake zinkagulitsa mabuku kutali monga ku Paris ndi ku Lyon.

Panali chinthu chinanso chimene sichioneka ndi maso. M'mizinda yambiri ya ku Ulaya, amisiri anali m'mabungwe okhwima amene ankalamula ntchito imene munthu angagwire ndi imene sangagwire. Ku Nuremberg amisiri anaukira olamulira mu 1348, ndipo kuukirako kutalephera, khonsolo inaletsa mabungwe otere n'kutenga yokha udindo woyang'anira ntchito zamanja. Kujambula kunasiyidwa m'gulu la ntchito zimene aliyense akanatha kugwira momasuka. Mwa njira imeneyi, munthu mmodzi akanatha kupenta, kuzokota, kudinda, kusindikiza buku ndi kuligulitsa yekha popanda bungwe lomuletsa.

Thabwa ndi mkuwa

Pa 30 Novembala 1486, Dürer anayamba kuphunzira ntchito kwa Michael Wolgemut, wojambula wodziwika amene ankakhala mumsewu womwewo wa makolo ake, ndipo anakhala kumeneko zaka zitatu. Kwa Wolgemut ankapenta zithunzi za m'matchalitchi, komanso ankakonza zithunzi za m'mabuku a Koberger. Ndi m'nyumba yomweyo mmene munachokera zithunzi zoposa 1,800 za m'buku lalikulu la mbiri ya dziko lapansi limene Koberger anasindikiza mu 1493. Wophunzira aliyense wa kumeneko ankaona ndi maso ake kuti chithunzi chimodzi chikhoza kubala anzake mazanamazana.

Njira zodindira zinalipo ziwiri, ndipo Dürer anazidziwa zonse. Yoyamba inali ya thabwa. Wojambula ankalemba chithunzi pa thabwa losalala, kenako mbali zonse zosafunika zinkagobedwa ndi mpeni, n'kutsala mizere yokha yotukuka. Mizereyo ankaipaka inki n'kuikanikiza papepala, monga mmene chidindo cha mu ofesi chimachitira. Kugobako nthawi zambiri kunali ntchito ya amisiri ena apadera, amene ku Nuremberg analiko ambiri. Ubwino wa thabwa unali wakuti linkalowa m'makina omwewo osindikizira mabuku, pamodzi ndi zilembo, ndipo linkadinda mapepala ochuluka lisanathe.

Njira yachiwiri inali ya mkuwa, ndipo inachokera kwa osula golide. Mmisiri ankazokota mizere pa lata losalala la mkuwa, n'kupaka inki mpaka ilowe m'mizeremo, kenako n'kupukuta pamwamba ponse. Pepala lonyowa pang'ono likakanikizidwa mwamphamvu pakati pa zitsulo kapena mitengo yogudubuza, linkayamwa inki ya m'mizere ija. Njirayi inkatulutsa mizere yopyapyala ngati tsitsi, koma inkadya nthawi, ndipo mkuwa unkaperepeseka msanga kusiyana ndi thabwa. M'njira zonse ziwiri chithunzi chimatuluka chotembenuka, choncho mmisiri ankayenera kuganiza mobwerera, chamanja kukhala chamanzere.

Mu 1490 Dürer ananyamuka ulendo umene mmisiri aliyense wachinyamata ankayenda atamaliza maphunziro. Anapita ku Colmar kuti akaonane ndi Martin Schongauer, katswiri wozokota pa mkuwa amenenso anali mwana wa wosula golide, koma anapeza atamwalira mu 1491. Anakhalako ku Basel ndi ku Strasbourg, mizinda ya osindikiza mabuku. Atabwerera kwawo, anakwatira Agnes Frey pa 7 Julayi 1494. Ukwatiwo anakonza ndi makolo, ndipo mkaziyo anabwera ndi magulden 200, ndalama zagolide za nthawiyo. Banjali silinakhale ndi mwana.

Buku la Chivumbulutso

Atatsegula malo ake ogwirira ntchito, Dürer anachita zimene ojambula ambiri a nthawi yake sankachita. M'malo modikira kuti munthu wolemera kapena mpingo umupatse ntchito, ankasankha yekha mutu wa chithunzi, n'kuchidinda, n'kuchiika pa msika. Pa chithunzi chilichonse ankaikapo chizindikiro chake, chilembo cha A chachikulu chokhala ndi D wamng'ono pakati pa miyendo yake, monga mmene osula golide ankadindira katundu wawo. Mu 1497 analemba ntchito munthu woyenda ndi zithunzi zake m'mizinda ina.

Chaka chotsatira, ali ndi zaka 27, anatulutsa buku la Chivumbulutso cha Yohane lokhala ndi zithunzi zazikulu 15 zodindidwa ndi matabwa. Linatuluka m'Chilatini ndi m'Chijeremani, pogwiritsa ntchito zilembo za Koberger, koma wosindikiza wake anali Dürer mwini. Limadziwika kuti ndi buku loyamba lokonzedwa ndi kusindikizidwa ndi wojambula. M'mabuku a nthawiyo zithunzi zinkangokometsera mawu. M'buku ili chithunzi chinatenga tsamba lonse lakumaso, mawu n'kupita kuseri.

Nthawi yake inali yoyenera. Chaka cha 1500 chinali pafupi, miliri inkabwerezabwereza, ndipo ambiri ankaopa kuti dziko latsala pang'ono kutha. Chithunzi cha okwera pa akavalo anayi, akupondaponda mfumu, mayi wapanyumba ndi mlimi mosasankha, chinalankhula ndi mantha amenewo. Chimene chinadabwitsa amisiri anzake chinali kapangidwe kake. Kale zithunzi za matabwa zinkakhala mizere yochepa imene ankaipaka utoto ndi manja pambuyo pake. Dürer anayandikizitsa ndi kutalikitsa mizere, ina yonenepa ina yopyapyala, mpaka inki yakuda yokha inaonetsa kuwala, mdima, mitambo ndi liwiro la akavalo. Amalonda a ku Nuremberg ananyamula bukulo m'mitolo yawo, ndipo pasanathe zaka zambiri dzina la Dürer linali litamveka kutsidya kwa mapiri a Alps.

Venice ndi kubwerera

Mu 1505 mliri unabukanso ku Nuremberg, ndipo Dürer anapita ku Venice ndi ndalama zimene anabwereka kwa mnzake wapamtima, Willibald Pirckheimer, munthu wophunzira kwambiri, wolemera komanso wa m'khonsolo. Ndi kwa iyeyu kumene kalata ija inkapita. Ku Venice amalonda a ku Germany anamupatsa ntchito yopenta chithunzi chachikulu cha m'tchalitchi chawo cha San Bartolomeo, chimene anachimaliza mu 1506. Giovanni Bellini, nkhalamba yolemekezeka kuposa ojambula onse a kumeneko, anamuyamikira pamaso pa akuluakulu. Dürer anaona kuti ku Italy wojambula ankakhala pamodzi ndi anthu ophunzira, ndipo m'kalata ina anadandaula kuti kuchilendo ankamutenga ngati bwana pamene kwawo ankamuona ngati munthu wodyera ena.

Komabe Venice inali ndi minga yake. Bungwe la ojambula la kumeneko linamukokera kwa oweruza katatu n'kumulipiritsa magulden anayi chifukwa chogwira ntchito mumzinda wawo, chinthu chimene kwawo sichikanachitika. Malinga ndi zimene iye anadzalemba pambuyo pake, boma la Venice linamulonjeza malipiro a chaka ndi chaka kuti akhazikike, koma anakana. Mu 1507 anabwerera ku Nuremberg, kumene kunali mayi ake, mkazi wake, makina ake ndi amisiri amene ankadziwa kugoba mizere yake.

Phunziro lina analipeza pa ntchito imene anapatsidwa ndi Jakob Heller, wamalonda wa ku Frankfurt, yopenta chithunzi cha paguwa. Inamudyera nthawi yoposa chaka, ndipo atakanganirana mtengo kwa nthawi yaitali analandira magulden 200. Manja opemphera aja anawajambula pokonzekera ntchito imeneyi. M'kalata yake kwa Heller mu 1509, anawerengetsera kuti akanalemera ndi magulden 1,000 ena akanakhala kuti nthawi yonseyo anaithera pa kuzokota. Chithunzi cha Heller chinali chimodzi chokha, ndipo chinapsa ndi moto ku Munich mu 1729. Zithunzi zodinda za zaka zomwezo zilipobe m'mayiko ambiri.

Okopera ntchito za ena

Mu 1509 Dürer anagula nyumba yaikulu pafupi ndi chipata cha Tiergärtnertor, m'munsi mwa nyumba yachifumu, ndipo anasankhidwa kukhala m'khonsolo yaikulu ya mzindawu. Mu 1511 anatulutsa mabuku anayi a zithunzi: awiri a masautso a Khristu, limodzi la moyo wa Mariya, ndi Chivumbulutso chija kachiwiri.

Koma chinthu chodindidwa chimakoperedwa mosavuta. Ku Italy, Marcantonio Raimondi anazokota pa mkuwa zithunzi za Dürer za moyo wa Mariya, n'kuikapo ngakhale chizindikiro cha AD. Kumapeto kwa mabuku a mu 1511, Dürer analembako chenjezo lokalipa kwa akuba luso ndi thukuta la anzawo, n'kunena kuti anali ndi chilolezo cha mfumu yaikulu choletsa aliyense kukopera kapena kugulitsa zokopera mu ufumu wonse. Mu Januwale 1512, mlendo wina anapezeka akugulitsa zithunzi zokhala ndi chizindikiro chabodza pafupi ndi nyumba ya khonsolo. Khonsoloyo inalamula kuti afufute chizindikirocho, apo ayi amulanda katundu yense. Chigamulocho chinateteza dzina lokha, osati chithunzi, monga mmene mzinda wa amalonda unkatetezera chidindo cha wopanga mipeni. Ngakhale zinali choncho, nkhaniyi imatchulidwa mpaka pano pofotokoza chiyambi cha malamulo oteteza ntchito za aluso.

Zithunzi zitatu ndi chipembere

M'zaka za 1513 ndi 1514 Dürer anazokota pa mkuwa zithunzi zitatu zimene ambiri amati ndiye pachimake pa luso lake. Choyamba chikuonetsa msilikali wa pa kavalo akudutsa m'chigwa, imfa ili pambali pake, mdyerekezi ali kumbuyo, iye osacheuka. Chachiwiri ndi cha Jerome Woyera akulemba m'chipinda chake, mkango ndi kagalu zili gone pakhomo, kuwala kwa dzuwa kukudutsa m'magalasi ozungulira a pawindo n'kugwera pakhoma. Chipindacho n'chofanana ndi cha munthu wophunzira wa ku Nuremberg. Chachitatu, chotchedwa Melencolia I, chikuonetsa munthu wamapiko atakhala pansi, dzanja lili patsaya, atazunguliridwa ndi macheka, chopalira matabwa, misomali, sikelo ndi wotchi yamchenga. Zipangizo zonse za amisiri a mumzindawu zili pamapazi ake, koma iye wasowa pogwira. Pakhoma pali manambala 16 osanjidwa m'mizere inayi, mzere uliwonse ukaphatikizidwa n'kukwana 34, ndipo m'munsi mwake mukuwerengeka 15 ndi 14. M'chaka chimenecho, mu Meyi 1514, mayi ake anamwalira m'nyumba mwake, patapita miyezi iwiri kuchokera pamene anawajambula ndi makala, ali ndi zaka 63, ataonda ndi matenda.

Chithunzi chimene chinafala kuposa zonsezi ndi cha nyama imene iye sanaione. Pa 20 Meyi 1515, ku Lisbon kunafika chipembere chamoyo chochokera ku India, mphatso ya mfumu Manuel I ya Portugal. Ku Ulaya kunali kusanaoneke chipembere kwa zaka zoposa 1,000. Kalata yofotokoza nyamayo ndi kachithunzi kake zinafika kwa amalonda a ku Nuremberg, ndipo Dürer anakonza chithunzi cha thabwa chaka chomwecho. Chipembere cha ku India chili ndi nyanga imodzi ndi khungu lopindikapindika, kusiyana ndi cha ku Africa cha nyanga ziwiri. Pamene kalatayo inasiyira, Dürer anapitiriza ndi zimene ankaona tsiku ndi tsiku: anaiveka nyamayo zigamba zolimba ngati zovala zachitsulo zimene ankasula mumzinda wake, n'kuwonjezera kanyanga kopotana pamsana. Chipembere chenichenicho chinamira m'nyanja kumayambiriro kwa 1516 chikupita kwa Papa Leo X ku Rome. Cha Dürer chinadindidwa mobwerezabwereza n'kukoperedwa m'mabuku a maphunziro a nyama, ndipo kwa zaka zoposa 200 anthu a ku Ulaya ankakhulupirira kuti chipembere chimaoneka chotero.

Kwa osula zovala zachitsulo kunachokeranso njira yachitatu imene Dürer anayesa, yodyetsa mizere pa lata la chitsulo ndi asidi m'malo mozokota ndi dzanja. Anapanga zithunzi zisanu ndi chimodzi pakati pa 1515 ndi 1518, chomaliza chikuonetsa mzinga wokhala ndi chizindikiro cha mzinda wa Nuremberg. Chitsulo chinkachita dzimbiri, mizere yake inali yokhakhala, ndipo iye anabwerera ku mkuwa.

Mfumu ndi malipiro

Mfumu yaikulu Maximilian I inacheza ku Nuremberg mu 1512. Inali mfumu yosowa ndalama koma yofunitsitsa kukumbukiridwa, ndipo inazindikira kuti chipilala cha pepala n'chotsika mtengo kusiyana ndi cha miyala, komanso chikhoza kutumizidwa kulikonse. Dürer anatsogolera ntchito yojambula chipata cha ulemu cha mfumuyo, chodindidwa ndi matabwa oposa 190, mapepala ake akalumikizidwa n'kutalika mamita oposa atatu. Anagoba matabwawo ndi Hieronymus Andreae wa mumzinda womwewo. Mu 1515 mfumu inalamula kuti Dürer azilandira magulden 100 chaka chilichonse, ochotsedwa pa msonkho umene mzinda wa Nuremberg unkapereka kwa mfumuyo.

Maximilian atamwalira mu Januwale 1519, malipirowo anafunika chivomerezo cha mfumu yatsopano. Mu Julayi 1520 Dürer ananyamuka ndi Agnes ndi wantchito wawo wamkazi kupita ku Netherlands kukakumana ndi Charles V, amene anavekedwa ufumu ku Aachen mu Okutobala. Chivomerezocho anachilandira mu Novembala. Buku limene ankalembamo ndalama zolowa ndi zotuluka pa ulendowo likuonetsa kuti zithunzi zake zinkagwira ntchito ngati ndalama. Ankazigulitsa, ankazisinthanitsa ndi katundu, ankazipereka kwa omulandira. Kwa wogula zambiri, zithunzi zazikulu za mkuwa zinkapita zisanu ndi zitatu pa gulden imodzi.

Ku Antwerp, doko limene linkalandira katundu wa ku Africa, Asia ndi America, ojambula a mumzindawo anamukonzera phwando n'kumuimirira polowa. Ku Brussels anaona zinthu zagolide ndi zasiliva zochokera ku Mexico, n'kuchita chidwi ndi luso la amisiri a kutaliko. Mu 1521 anajambula mtsikana wa ku Africa wa zaka 20, dzina lake Katharina, amene ankatumikira m'nyumba ya woimira malonda a Portugal. Chithunzicho, chimene chili ku Florence, chikumuonetsa maso ali pansi, ndipo chili m'gulu la zithunzi zakale kwambiri za ku Ulaya za munthu wa ku Africa wodziwika dzina. Pa ulendo womwewo anapita ku Zeeland kukaona namgumi amene anakankhidwira kumtunda ndi mafunde, koma anapeza madzi atamutenga. Kumeneko anatengako matenda amene akatswiri ena amaganiza kuti anali malungo, ndipo thanzi lake silinabwererenso mwakale.

Zaka zomaliza

Mu 1524 Dürer analembera khonsolo ya Nuremberg kupempha kuti isunge magulden ake 1,000 n'kumamupatsa chiwongoladzanja chaka chilichonse. M'kalatayo anatulutsa za kukhosi. Ananena kuti pa zaka 30 zimene anagwira ntchito mumzindawu, anthu ake sanamupatse ntchito zokwana ngakhale magulden 500, ndipo chuma chake chonse anachipeza kwa mafumu ndi alendo. Anawakumbutsanso kuti Venice ndi Antwerp inamulonjeza malipiro abwino kuti asamuke, koma anakana chifukwa chokonda kwawo. Khonsolo inavomera pempholo. Dandaulo lake linali ndi choonadi, koma linasiya mbali ina: alendo amene ankagula zithunzi zake ankazilandira kudzera m'misewu, m'misika ndi m'mitolo ya amalonda a mzinda womwewo.

Mu Malichi 1525 mzindawu unavomereza chiphunzitso cha Martin Luther, amene Dürer ankawerenga mabuku ake ndi kumulemekeza. Ntchito zopenta zithunzi za oyera m'matchalitchi zinachepa, ndipo ojambula ambiri a ku Germany anasowa chochita. Dürer, amene sankadalira guwa la tchalitchi, anapitiriza kudinda. Anazokota nkhope za anthu otchuka monga Pirckheimer, Philipp Melanchthon ndi Erasmus wa ku Rotterdam. Analembanso mabuku m'Chijeremani kuti amisiri achinyamata osadziwa Chilatini aphunzire: la kayezedwe mu 1525, la kamangidwe ka malinga mu 1527, ndi la miyeso ya thupi la munthu limene linatuluka iye atamwalira kale.

Mu 1526 anapereka kwa khonsolo mphatso ya zithunzi ziwiri zazitali zopenta, zoonetsa Yohane, Petulo, Marko ndi Paulo, m'munsi mwake muli mavesi ochenjeza olamulira kuti asasocheretsedwe ndi aphunzitsi onyenga. Khonsolo inamuthokoza ndi magulden 100. Anamwalira pa 6 Epulo 1528 ali ndi zaka 56, ndipo anaikidwa m'manda a Johannisfriedhof, kunja kwa linga. Anasiya chuma cha magulden pafupifupi 7,000, chimene chinamuika m'gulu la anthu olemera a mumzindawu. Agnes anapitiriza kugulitsa zithunzi ndi mabuku ake mpaka pamene nayenso anamwalira mu 1539.

Zimene zinatsala ku Nuremberg

Mzinda umene unamulera sunathe kusunga zambiri mwa zimene anapenta. Mu 1627 khonsolo inagonjera Maximilian wa ku Bavaria n'kupereka zithunzi za mphatso zija, ndipo lero zili ku Munich, pamodzi ndi chithunzi chotchuka chimene anadzipenta yekha mu 1500. Manja opemphera ali ku Vienna, chithunzi cha ku Venice chili ku Prague. Ulemu umene ankaufuna unabwera mochedwa. Mu 1840 mzindawu unamuimikira chipilala, mu 1871 nyumba yake inasanduka malo osungira mbiri yake, ndipo kuyambira mu 2014 bwalo la ndege la Nuremberg limatchedwa ndi dzina lake.

Pa 2 Januwale 1945, mabomba a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anagumula mbali yaikulu ya mzinda wakale wa Nuremberg. Nyumba ya Dürer inawonongeka koma sinagwe, ndipo inakonzedwa nkhondo itatha. Zithunzi zake zodinda sizinali pangozi yotere, pakuti kuyambira masiku a mayi ake pa msika zinali zitamwazikana kale, ndipo lero zimapezeka ku London, New York, Paris, Berlin ndi m'mizinda ina yambiri. M'chipinda china cha nyumbayo muli makina odindira opangidwa motengera a nthawi yake, ndipo alendo amaonetsedwa mmene inki imalowera m'mizere ndi mmene pepala limatulukira lili ndi chithunzi.